Sipika Yapakati Inapita ku Dwambazi

Ine cholembera sindichidziwa. Izi ndikunena pakamwa, akulemba ndi mwana wanga wamkazi, chitsirizira changa, ndipo ndamuuziratu kuti pamene nkhani ikumukhudza iyeyo asakonze. Alembe mmene ndanenera.

Ukwati wa mwanayu unachitikira pakhomo pano, kumtunda pang'ono kwa pamene Bua amathira m'nyanja. Abambo ake anali akadali ndi mphamvu zawo, akugulabe usipa kudoko n'kumakagulitsa kumisika ya kumtunda. Mkamwini wanga, pofuna kuti za ukwati wake zisaiwalike, anaitana wojambula kanema wa ku boma. Munthuyo anafika ndi kamera yake, naona kuti kutsogolo kwadzaza, nakakwera pabenchi kumbuyo kwa anthu onse, pafupi ndi jenereta.

Mayi wa mkwatibwi sakhala pansi. Tsiku lonse ndinali kuseri ndi amayi anzanga, kuyang'ana kuti mpunga wafika kwa alendo a kuchimuna, kuti madzi osamba m'manja asathe. Nthawi ya malangizo ndinatulukira pakona pa nyumba nditanyamula beseni la mbale, ndipo ndinangoona khamu lonse latembenukira kwa ine, likuseka. Kuseka kwenikweni, kogwira m'mimba. Amuna anga anali chiimire pakati pa bwalo, atandiloza ndi dzanja lawo lija la chala chopindika. Ndinachita manyazi, n'kubwerera kuseri ndi beseni langa.

Mudziwe kuti amuna anga sanali munthu wotchula mkazi wake pagulu. Kunyumba ankandiseleula, inde, tsiku silinkapita. Ndikachedwa kuchigayo ankafunsa ngati ndapezako banja lina. Koma pa anthu ine ndinali "akunyumba", basi, ndiponso mawuwo ankawanena akuyang'ana kumbali. Chikwatirane, tsiku limenelo lokha ndi limene anaimirira pamaso pa mudzi n'kunena za ine. Ndipo ine mwini nkhani sindinamve.

Alendo atabalalika ndinawafunsa. "Munanena chiyani kuti anthu aja azindiseka?"

"Ine? Ndanena chiyani ine?"

"Musandizunguze mutu."

"Si anajambula munthu uja? Mudzamva pakanema. Ndikakuuzani pano, pakanemapo mudzamva chiyani?"

Ndinawasiya. Ndinkaona ngati nthawi ilipo.

Wojambula uja anali wa lero-mawa. Mvula inagwa, tinawokera mpunga, chimbale osabwera. Mpunga usanache amuna anga anadwala pachifuwa, ndipo sanagone nthawi yaitali. Ali chigonere funso lija linkandibwerera, koma munthu akupuma movutikira sumufunsa za nthabwala. Chimbale chinafika ine ndili m'eda, nthawi ija mkazi wamasiye amabindikira m'nyumba osaonekera ku zosangalatsa. Ndinachikulunga m'mpango n'kuchiika m'sutikesi, pansi pa zovala.

Tsono apa ndinene za makina. Amuna anga ankakonda zomvera. Chaka china anagula kwa munthu wobwera kuchokera ku Joni deki yoonetsera zimbale, yokhala ndi masipika ake: ting'onoting'ono tinayi, chibokosi chimodzi chogunda ngati mtondo, ndi ina yaitali yogona chopingasa ngati mkate. Ting'onoting'onoto anatikhomera m'makona a pabalaza, yaitaliyo n'kuigoneka pansi pa sikirini. Atamwalira, abale awo anabwera kudzagawa katundu. Ndisawanamizire, sanandilande. Anagawa bwinobwino, kuti aliyense apite ndi kanthu kokumbukira malemu: uyu njinga, uyu mkanjo, uyu ndowa za usipa. Atafika pa masipika anati, nyumba imodzi ichita nawo chiyani onsewa? Anawagawa ngati ana a mbuzi. Ine ndili kuchipinda ndinkamva misomali ikuzulidwa pakhoma. Timasipika tiwiri tinapita kwa aphwa awo, chibokosi kwa mng'ono wawo, yaitali ija kwa alongo awo a ku Dwambazi. Ine anandisiyira sikirini, deki ndi timasipika tiwiri, ndipo ndinathokoza ndi mtima wonse. Rimoti mpaka lero sitidziwa inalowa m'thumba la ndani.

Eda itatha ndinaitana mwanayu ndi mwamuna wake. Unali m'mawa, dzuwa litamenya kale pa sola. Mkamwini analowetsa chimbale. Zithunzi zinatuluka zowala bwino, nyimbo ikulira, nyimbo ya ukwati imene wojambula anaiikamo yekha. Ndinaona alendo akufika, ndinaona mwana wanga atawerama m'nsalu yake, kenako ndinawaona iwo. Aimirira, akonza kofia kumutu, pakamwa payamba kugwedezeka.

Mawu kunalibe. Nyimbo yokha.

"Kwezani, bambo," ndinamuuza mkamwini.

Anakweza. Nyimbo inakula.

"Kwezaninso."

Anakweza mpaka nkhuku zinathawa pakhonde, timasipika tikunjenjemera pakhoma. Mwana wanga anati kunsi kwa nyimboyo akumva kanthu, ngati ntchentche ili m'botolo. Ine sindinamve ngakhale ntchentcheyo. Ndinangoona amuna anga akutembenuka, dzanja likukwera, anthu akufa nalo phwete, ndi kamayi kena kumapeto kwa chithunzi kakuthawa ndi beseni.

Mkamwini anatulutsa chimbale, anachiuzira mpweya, anachipukuta ndi malaya. Chimodzimodzi. Anati mwina batire lafooka, tidikire masana. Masana chimodzimodzi. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anati chawo chitavuta anachipaka mankhwala otsukira mano. Ndinakana. Ndinati chimbalechi n'chimodzi, mukachikanda nditsala ndi chiyani?

Ndinayamba kufunsa anthu amene analipo, ndipo apa ndi pamene ndinadziwa kuti anthu paukwati samvera. Wina anati, "Ankanena za kaphikidwe kanu, kaya." Wina anati, "Ayi, zinali za ulendo wina wa pabwato." Mayi wina, amene pachithunzipo akuoneka akupukuta misozi ndi chitenje chifukwa cha kuseka, anandiuza kuti, "Mayi, ine ndinkangotsatira anzanga. Kumene ndinakhala kunkamveka jenereta yokha." Amene anakhala kutsogolo anali akuluakulu. Mmodzi anali atatsikira kale kumanda, wina anakanda mutu nati, "Zinali zoseketsa ndithu, koma zinatuluka."

Mkamwini anati tikayese deki ina. Tinapita pamsika, kunyumba ija amaonetsako mafilimu a nkhondo. Chibadwire ndinali ndisanalowemo. Tinalawirira anthu asanayambe kubwera, ndinakhala pathabwa, mkati muli mdima bii ngakhale kunja kuli dzuwa, pansi pali makoko a mtedza okhaokha. Mwini wake anali waulemu. Anati m'deki yake mawu a anthu akutulukadi, koma nyimbo yawakhalira pamwamba. Akakweza, zonse zikwera. Akatsitsa, zonse zitsika.

"Agogo, izi zamangidwa mtolo umodzi," anatero. "Pitani kwa amene anazimanga."

Wojambula tinamupeza ku boma, m'kachipinda kodzaza ndi mawaya, akudya chinangwa chootcha. Anatikumbukira. Anamvetsera dandaulo lathu, nafunsa mkamwini kuti kunyumba kuli masipika angati.

"Awiri."

"Awiri? Si munandiuza kuti apongozi anu ali ndi homu thiyeta yathunthu? Si inu munati ndikupangireni sarawundi, ngati ya m'mafilimu?"

Mkamwini anayang'ana pansi. "Inalipo nthawi imeneyo."

"Sarawundiyo ndiye chiyani, mwananga?" ndinafunsa.

Anandifotokozera mofatsa, akujambula ndi chala patebulo. Anati mawu a m'chimbalemo sayenda njira imodzi, anawagawa. Nyimbo anaipatsa njira za m'mbali, kuti izizungulira munthu. Zolankhula za anthu, zimene kamera inatola tsikulo, anaziika njira yapakati, ndipo njira imeneyo imatulukira m'sipika imodzi yokha, yaitali, yokhala pansi pa sikirini.

"Ili kuti imeneyo?"

"Ku Dwambazi," ndinatero. "Inagawidwa."

"Inagawidwa?" Anasiya kutafuna. "Agogo, zimene zija sagawa. Zimayenda pamodzi."

"Nanga ife tikanadziwa bwanji? Tinangoona kuti ndi zambiri."

Ndinamupempha apange chimbale china, chopanda nyimbo, chopanda zozungulirazo, mawu okha. Anapukusa mutu. Anati kompyuta imadzaza. Akapereka chimbale kwa eni ake amafufuta kuti alowetse ukwati wina. Wa mwana wanga unafufutidwa kalekale, pamalo pake panadutsa maukwati ena. Anati angathe kukweza mawu kuchokera m'chimbale chomwecho, koma akakweza munthu, jenereta ikwera naye, poti zinalowa m'kamera limodzi. Kenako anauza mkamwini chochita. Kumbuyo kwa deki kuli timabowo, kalikonse ndi sipika yake. Azule zonse, atenge kasipika kamodzi, alowetse waya wake pa kabowo kapakati.

Pobwerera, titatsika minibasi, mkamwini anatembenukira kwa ine. Ndiye anati, "Amayi, ine ndinkafuna zikhale zapamwamba."

"Ndikudziwa, bambo," ndinatero. Ndikanati chiyani?

Tinachita zimene anatiuza. Nyimbo inazimiririka, m'nyumba munangoti zii, kenako kunamveka kulira kwa jenereta, duuu. Mwana wanga anagwada, khutu pa kasipika. Mwadzidzidzi anagwira pakamwa.

"Ndi ababa! Amayi, ndi ababa, akupereka salamu!"

Analira. Mkamwini naye anati akuwamva, patali, ngati munthu woitana ali tsidya la mtsinje. Ndinamusuntha mwanayo n'kuikapo khutu langa. Lamanja, jenereta. Lamanzere, jenereta. Tsiku limenelo ndi limene ndinavomera zimene ana ankandiuza, kuti makutu anga ayamba kutseka. Zogunda ndimamva, koma mawu aang'ono amandidutsa.

"Akuti chiyani pamene akundiloza?"

"Pamenepo sipakumveka bwino, amayi. Kasipikaka n'kochepa."

Mkamwini anati yaitali ija anaipangira mawu a anthu, mwina ingawatulutse mokweza. Anati mwina. Ine mwina ameneyo ndinamugwira ndi manja awiri.

Ku Dwambazi ndinapita ndekha, pa minibasi, kenako pa kabaza. Alamu anga, alongo awo a amuna anga, ndi aakulu kwa ine, ndipo pakamwa pawo ndi pomwe paja pa mchimwene wawo. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa choti aviike.

"Alamu, kwagwanji? Mwabwera kudzandiona ndisanafe, kapena mwamva kuti ndafa kale?"

"Ndabwera kudzabwereka."

"Mchere?"

"Sipika."

Anaika mpeni pansi. "Ya achimwene? Mwayamba kulondola katundu wogawidwa? Mawa mupita kukatenga mkanjo."

"Sindikulanda, alamu. Mawu awo amatulukira mmenemo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuona ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Ndinawafotokozera zonse, za njira zija, za beseni, za anthu oseka. Ndinawafunsa ngati iwo anamva tsiku lija.

"Ndinali nanu kuseri, mwaiwala? Ankakupakulirani mpunga ndani?"

Analowa m'nyumba, ine pambuyo. Sipika inali pakabati, ataifunditsa kansalu koluka, pamwamba pake pali nyali. Nyumba imeneyo ilibe deki, ilibe wailesi, ilibe magetsi. Ankangoipukuta fumbi.

"Chifikire pano sinanenepo kanthu," anatero. "Mukuti achimwene ali umu, n'kukhala chete nthawi yonseyi? Si iwo amenewo."

Poitembenuza tinapeza waya wake ndi wamfupi ngati mchira wa mbuzi. Anali ataudula n'kumangira chitseko cha khola la nkhuku. Tinakaumasula, chitseko n'kuchimanga ndi luzi.

"Ndipita nayo ndekha," anatero, akumanga mpango kumutu. "Ndikakupatsani simudzabweza. Komanso ndikufuna ndikamve bodza limene ananena."

Mu minibasi kondakitala anafuna kuiika kumbuyo, pa matumba a makala. Alamu anamukalipira. "Iwe, ameneyu sakwera kumbuyo. Ndi wamkulu kuposa bambo ako." Anaiika pamiyendo ulendo wonse, ataifunditsa chitenje, anthu akutiyang'ana.

Tinafika masana. Mkamwini anasenda waya ndi mano, anaupota, anaukulunga ndi pepala la shuga. Tinatseka chitseko ndi mawindo, tambala tinamuthamangitsira kudimba. Anakweza mpaka pamapeto.

Mawu anakulako, akutero iwo. Pang'ono. Jenereta nayo inakula. Mwana wanga anagona chafufumimba, khutu pa sipika, n'kumatiuza: apa akuthokoza alendo, apa akuuza mkwati kuti mkazi sakalipiridwa pa anthu, apa akuuza mkwatibwi kuti asamathamangire kwawo ndi nkhani iliyonse. Kenako pa sikirini amuna anga anatembenuka, dzanja linakwera, anthu anaseka. Mwanayu anangokanikiza khutu pa sipika.

"Nena," ndinatero.

"Akuti... akuti, 'Amayi anuwa ndi mkazi wopirira.' Akuti, 'Andisunga bwino zaka zonsezi, utengere iwowa.'"

Mtima wanga unafewa, ndisaname. Koma maso anga anali pa sikirini, pamene bambo wina ankadzimenya pabondo chifukwa cha kuseka, kofia itagwera pansi.

"Nanga kupirira kumaseketsa?" anatero alamu. "Bwezani pambuyo."

Popanda rimoti, kubweza kunali kuyambira pachiyambi. Tinaonanso alendo akufika, tinaonanso mbale zikuyenda, tinadikira. Ulendo uno sipikayo ndinaitenga ndekha, ndinaikumbatira, n'kuigunditsa patsaya. Mawu sindinamve. Koma inkanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kunali ndi mayendedwe ake: apa akulankhula, apa apuma, apa ayambanso. Atatsala pang'ono kutembenuka, inandigunda patsaya kawiri motsatizana. Khu, khu.

Ndinakudziwa kukhosomola kumeneko. Sikunali kwa matenda. Amuna anga akafuna kuseleula munthu ankayamba akonza pakhosi chomwecho, nkhope ili gwaa ngati alengeza maliro.

"Akhosomola," ndinatero. "Kawiri."

Alamu anawomba m'manja, misozi ikutsika. "Basi, anakuseleulani, alamu! Pagulu! Iwe mwana, nena zoona."

Mwana wanga anadzuka n'kukhala tsonga, osandiyang'ana.

"Amayi, sindinamve. Ndikumva kuti, 'Amayi anuwa, tsiku loyamba kuwaona,' basi. Kenako atembenuka, mawu atha."

Mkamwini anayesa, anamva zomwezo. Alamu anayesa, anati iwo akumva chigayo.

Tinayambiranso, ndipo ulendo umenewu ndinaona chimene chinachitika. Nthawi yonse ankalankhula atayang'ana kwa anthu, kumene kunali kamera. Pofika pa ine anapotoloka, kamera anaipatsa nkhongo. Ngakhale milomo yawo sioneka. Mawuwo sanapite kwa wojambula. Anabwera kwa ine, pakona pa nyumba, ndipo ine ndinali ndi mbale zikugundana m'beseni.

Tsiku loyamba kundiona. Ndalifufuza tsiku limenelo m'mutu mwanga mpaka kutopa. Ine ndimadziwa tsiku limene ndinawaona iwo: kudoko, akukangana ndi mwini bwato, thalauza atapinda mwendo umodzi wokha. Koma limene iwo anandiona ine, ndinali kuti, ndikuchita chiyani choseketsa bwalo lonse? Kaya ndinagwa m'matope kumunda wa mpunga, kaya ndinkathamangitsana ndi mbuzi. Sanandiuzepo. Alamu akuti nawonso sanauzidwe, ndipo akanauzidwa bwenzi dziko lonse likudziwa.

Mkamwini anabwereranso kwa wojambula ndi chimbale chija. Munthuyo anayesadi pa kompyuta, sanakane. Yankho linali lakuti pamenepo pali jenereta ndi kuseka kwa anthu, basi. Chimene sichinalowe m'kamera palibe angachitulutse.

Alamu anakhala nafe masiku angapo. Ponyamuka anaiyang'ana sipika ija nati, "Ikhale kuno. Koma ndi yanga, mumve. Ndikafa idzagawidwe ngati yanga." Kansalu koluka kaja anachita kutumiza pambuyo.

Timasipika tiwiri tija sindinatibwezeretse pakhoma, nyimbo ija sindiifuna. Masiku ena dzuwa likawala bwino, batire n'kudzaza, ndimamuuza mwanayu andiikire chimbale. Ndimakhala pamkeka, sipika patsaya, kudikira alendo afike, akhale pansi, mpaka iwo aimirire. Makutu akunka natsekabe. Chaka chino ngakhale jenereta yayamba kutalikira. Koma khu, khu uja amafikabe. Akafika ndimadziwa kuti atembenuka tsopano, ndipo ndimayang'ana kamayi ka beseni kaja, n'kukauza chamumtima kuti ima, ika mbalezo pansi, tamvera. Sikaima.